Supuni Ziwiri za Mchere

Kwathu kumapiri, kumene boma la Dowa limagundana ndi la Ntchisi, mwezi wa Juni suseka ndi munthu. Nkhungu imakhala pachitunda mpaka dzuwa litakwera ndithu, ndipo ife ana a masiku amenewo tinkakwera chitundacho opanda nsapato, opanda juzi, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Wamwayi ankanyamula mbatata yootcha m'thumba, kuti iyambe yamufunditsa manja kenako aidye pa buleki. Ndikamawauza zimenezi adzukulu anga amayesa ndikudandaula. Ayi ndithu. Masiku amenewo ndimawasowa, ndi kuzizira kwake komwe.

Chaka cha 1976 ndidali mu Sitandade 8, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. M'kalasi tidalimo ana makumi atatu ndi mmodzi, koma atsikana anayi okha. Poyamba Sitandade 1 atsikana tidali ambiri kuposa anyamata, koma chaka chilichonse wina ankasowa, ndipo sitinkafunsa kumene wapita chifukwa tinkadziwa. Mtsikana akangokula, anamkungwi ankamutengera kutsimba kukamulanga, ndipo akatuluka kumeneko makope ake ankathera kupichirira fodya. Mkulu wanga Margareta adatero ali mu Sitandade 5, pomwe masamu ankandiposa kutali. Chaka chisanathe adali pabanja.

Pakhomo pathu mawu omaliza adali a atsibweni, a Andireya, alongo awo a amayi. Sadali munthu woipa. Yunifolomu ankandigulira ndi iwo akagulitsa mtedza, ndipo khadi la chipani ankandidulira okha kuti anyamata a malaya ofiira asandibweze panjira ya kumsika. Koma adanena poyera, amayi ali pomwepo, kuti, "Lenia aphunzire adakali mwana. Akakula basi, tisadzaone zamanyazi pamudzi pano."

Ndidakula mu Epulo, patatsala miyezi itatu kuti tilembe mayeso. Munthu yekhayo amene ndidamuuza adali Margareta. Adandiyang'ana nthawi yaitali, mwana ali kumsana, kenako adang'amba chitenje chake chakale n'kundipatsa.

"Iwe sunandiuze kanthu, ine sindinamve kanthu," adatero. "Koma mchere, Lenia. Usamale ndi mchere."

Ana a lero mwina sadziwa zimenezi. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, odya ndiwozo amadwala mdulo: amayamba kutsokomola, chifuwa chimapweteka, mapazi amatupa, ndipo pakapanda kuchitika kanthu msanga munthu amapita. N'chifukwa chake mayi akafika masiku amenewo amaitana kamwana kuti kamuthirire mchere mumphika, ndipo aliyense woona amadziwa tanthauzo lake popanda womuuza. Ine kuthira sindikadathira, kuopa kupha abale anga. Kuitana kamwana sindikadaitana, kuopa kudziulula. Choncho masiku amenewo ndiwo zikangoyamba kuwira ndinkanyamula ndowa n'kuthawira kuchitsime, ngakhale mitsuko ili yodzaza. Amayi ankanyadira kuti ndayamba kulimbikira ntchito. Epulo adadutsa choncho, Meyi adadutsanso. Kudatsala Juni yekha, popeza mayeso adali pakati pa Julayi.

Aphunzitsi athu adali a Chikakuda, bambo wamtali, woonda ngati nsungwi, wa jekete limodzi lotuwa ndi choko m'zigongono. Sayansi ankaikonda kuposa chakudya. Akazi awo, a Nangondo, ankati ukawatuma nkhuni amabwera ndi miyala. Tsiku lina, tili mkati mobwereza za mayeso, adatifunsa kusiyana kwa zinthu zongosakanikirana ndi zinthu zosungunuka. Tonse tidayankhira pamodzi ngati nyimbo, m'Chingerezi chimene tidaloweza ku Sitandade 6, kuti mikisicha ndi chakutichakuti, solushoni ndi chakutichakuti. Iwo adamvetsera mpaka tidamaliza.

"Mwakhoza," adatero. "Nanga thobwa ndi chiti pa ziwirizi?"

Tidafunafuna thobwa m'makope mwathu, koma mudalibe.

"Mwaloweza ngati zinkhwe, koma simukudziwa chimene mukunena. Mawa tiona ndi maso."

M'mawa mwake, Lachisanu, tidapeza tebulo la aphunzitsi lili ngati msika. Padali mbale ya nyemba zosakaniza ndi chimanga, lichero la mphale yosapeta, chitini cha mchenga wa kumtsinje, kansalu koyera, supuni, kapu, ndi mchere wokulunga m'kapepala. Pakati pa zonsezi padali botolo. Lidali lalikulu, lotakasuka kukamwa, loonekera mkati, ndipo kale munkakhala maswiti m'sitolo ya a Sharifu pamsika wathu. A Chikakuda adalipempha chaka chathunthu, maswiti akuchedwa kutha, mpaka a Sharifu adatopa nawo n'kukhuthulira maswiti otsalawo m'mbale. Botolo limeneli ndilo lidali labotale yonse ya sukulu yathu. Linkagona kunyumba kwawo, ndipo ankabwera nalo atalikulunga m'thawulo ngati khanda.

Phunziro lija lidali lokoma, ndisaname. Adayamba ndi Langton, mnyamata wamakani wa pabenchi yoyamba, kuti alekanitse nyemba ndi chimanga.

"Nyemba zasanduka chimanga chifukwa zagona mbale imodzi?"

"Ayi, aphunzitsi!"

"Ukuziona ndi maso, ukuzitola ndi zala. Zangosakanikirana basi."

Kenako adapereka lichero kwa anyamata kuti achotse gaga mumphale. Kudali kuseka! Wina adamwaza theka la mphale pansi, wina gaga adamuthera kumaso mpaka nsidze mbuu. Ndiye adaitana Peggy, mnzanga wa benchi imodzi, ndipo iye adapeta kanayi kokha, gaga uko mphale uko.

"Mwaona?" adatero aphunzitsi. "Amayi anu amachita sayansi m'mawa uliwonse, kungoti salemba mayeso. Akamadontheza chidulo, phulusa limatsala pamwamba, madzi amatsika ndi mphamvu yake ya phulusalo. Mukuganiza kuti n'chiyani chimenecho?"

Adathira mchenga m'botolo la madzi n'kutakasa. Madzi adada, kenako adadikha, mchenga n'kukhala pansi. Adasefa ndi kansalu kaja, mchenga wonse n'kutsala pansalu. Adatsuka botolo, nathiramo madzi ena oyera.

Ine nthawi yonseyi ndinkaseka ndi mano okha. Lidali tsiku langa lachiwiri kumwezi, ndipo maso anga sankachoka pa kapepala ka mchere kaja. Mumtima ndinkapemphera kuti aitane mnyamata.

"Tsopano tafika pa mwini nkhani. Lenia, bwera kuno."

Ankandikonda, ndipo tsoka langa lidali limenelo. Chinthu chabwino chilichonse ankasungira ine.

"Uthire supuni ziwiri za mchere m'madzimu, utakase bwinobwino. Ukatha tonse tilawa, kuti lilime litiuze zimene maso akukana."

Ndiyenera kukuuzani za Peggy. Amayi ake, a Nankhoma, ndiwo adali anamkungwi a m'mudzi mwathu, ndipo Peggyyo, ngakhale ndinkamukonda, pakamwa pake sipankagona nkhani. Chimene wamva m'mawa, masana chidali chitafika pamtondo. Mtsikana wa msinkhu wanga akakana kuthira mchere, anyamata akadangoti ndi manyazi, koma Peggy akadadziwa nthawi yomweyo. Dzuwa lisanalowe amayi ake akadamva, m'mawa mwake atsibweni akadamva, ndipo mayeso akadandipeza ndili m'tsimba. Koma ndikathira, anthu makumi atatu adali kudikira kulawa.

Ndidaima patebulo paja supuni ili m'manja. Peggy adali kundiyang'ana. Sindinganame kuti dzanja lidachita lokha, ayi. Ndidasankha. Mayeso ndinkawafuna kuposa mmene ndinkaopera mlandu. Ndidathira supuni yoyamba, ndidathira yachiwiri, n'kuyamba kutakasa.

Aphunzitsi adakondwa ngati mwana. Adanyamula botolo m'mwamba kuti kuwala kwa pawindo kudutsemo.

"Mchere uli kuti?"

"Wapita!" anyamata adayankha.

"Wapita kuti? Watuluka pakhomo? Ndani wauona?"

Adasefa madzi pang'ono ndi kansalu kaja, kuwathira m'kapu, ndipo pansalu sipadatsale kanthu.

"Mchenga unagwidwa ndi nsalu. Mchere wadutsa. Zala sizingautole, lichero silingaupete, nsalu singaugwire. Kusungunuka n'kumeneku."

Atatero adakweza kapu n'kumwa. Sadalawe ndi nsonga ya lilime monga ndinkayembekezera, adagugudiza kapu yonse, nkhope n'kuchita tsinya, kalasi lonse n'kufa nalo phwete.

"Ulimo! Uli pamwamba, uli pansi, uli paliponse mofanana. Lenia, yenda nalo botolo, aliyense alawe yekha."

Ndidalinyamula ndi manja awiri. Woyamba adali Langton, atatulutsa kale lilime kuti aseketse anzake. Kumbuyo kwake kudali benchi ina, ndi ina, mpaka kukhoma, ana amene ndidayamba nawo Sitandade 1 pansi pa mtengo. Mmodzi ndidali nditamupatsa kale. Enawa ayi. Ndidatsegula manja.

Pansi padali pa njerwa. Botolo lidangoti phwaa, madzi n'kumwazika mpaka pakhomo.

Ndidadikira ndodo, ndipo ndikadailandira ndi manja awiri. Koma a Chikakuda adangogwada n'kuyamba kutola magalasi limodzilimodzi, kuika m'thawulo lija.

"Manja anazizira, aphunzitsi," ndidanama.

"Inde, kwazizira lero," adatero osandiyang'ana. Patapita kanthawi adaonjeza kuti, "Phunziro latsala theka. Ndimafuna muone mcherewo ukubwerera. Tidzaona tsiku lina."

Ndodo ikadakhala bwino. Mpaka lero ndikakumbukira msana wawo atagwada pansi paja, mtima umandiwawa.

Lolemba adabwera akutsokomola. Ndidadziuza kuti ndi fumbi la choko. Lachitatu adaphunzitsa atakhala pampando, chinthu chimene sadachitepo, ndipo nditayang'ana pansi pa tebulo ndidaona kuti avala patapata m'malo mwa nsapato. Munthu wa tayi angavale patapata bwanji ngati mapazi sadatupe? Lolemba linalo sadabwere n'komwe. Ahedi adatiuza kuti awatengera kuchipatala kuboma pangolo. Adakhalako masiku anayi, n'kubwera kudzagona kunyumba.

Musandifunse ngati ndimakhulupirira mdulo lero. Lero ndikhoza kukufotokozerani za chibayo ndi tizilombo take mpaka mutatopa. Koma masiku amenewo ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti ndapha aphunzitsi anga. Ndikatsegula kope zilembo zinkangoyenda.

Ndiye padabwera china chimene sindidachiganizire. Amayi a m'mudzi nawonso adaona kutsokomola kuja n'kuwerenga zizindikiro ngati mmene ndidawerengera ine. Pamtondo ndi pachitsime mawu adali amodzi, akuti chifuwa chimenechi si cha kuchipatala, ndi mdulo. Ndipo mwamuna amadulidwa ndi ndani ngati si mkazi wake? Mwina wathira mchere pa nthawi yosayenera, kapena wachita choposa pamenepo, wayenda ndi mwamuna wina. A Nangondo adali mlendo, wochokera cha ku Dedza. Ankavala nsapato, adali atakhala pabanja zaka zisanu wopanda mwana, ndipo kawirikawiri ankapita kuboma kukagula ulusi wosokera. Kale zonsezi zidali nkhani zazing'ono. Tsopano zidasanduka umboni.

"Ulusi wanji wotha sabata iliyonse?" adafunsa a Nankhoma pachitsime, amayi ena n'kuwomba m'manja.

Sabata yomweyo kudali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Ife tidaimba, amayi adavina, ndipo khomo lililonse lidaphika ndiwo za alendo. A Nangondo adaphika nkhuku, pomwe ena tidabweretsa nyemba ndi mfutso. Palibe adaikhudza. Amayi ogawa chakudya ankangoulambalala mphikawo ngati muli njoka. Madzulo ndidawaona a Nangondo akuunyamula kubwerera nawo kwawo uli wodzaza, akuyenda pang'onopang'ono kuti msuzi usatayike.

Ndidathamangira kwa Margareta n'kumuuza zonse. Adagwira pakamwa.

"Walira mvula walira matope, mng'ono wanga. Kwatsala masabata atatu. Ukhale chete."

Ndidayesa. Ndidakhala chete masiku awiri. Loweruka masana ndidauza amayi kuti ndikukabwereka buku, n'kukwera chitunda kupita kunyumba za aphunzitsi. Panjira ndinkatsanzikana ndi chilichonse, mlatho wa mitengo, bwalo la mpira, chitsulo chimene tinkaimba ngati belu, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaulula sindidzabweranso ndi yunifolomu.

A Nangondo ndidawapeza kukhitchini akutokosa moto. Ndidagwada pakhomo. Moni sindidamalize n'komwe, misozi idayamba, ndipo nkhani yonse idatuluka mosalongosoka, za Epulo, za atsibweni, za supuni ziwiri, za botolo. Iwo adasiya moto n'kukhala pansi kumvetsera.

"Ndiye botolo lija unalitaya dala?"

"Eya, mayi."

"Kuti anzako asamwe."

"Eya."

Adapukusa mutu. Sindidadziwe ngati akufuna kuseka kapena kulira.

"Wina akudziwa ndani?"

"Margareta yekha, mkulu wanga."

"Tamvera, Lenia. Za mdulo sindinganene kuti kulibe, ndine Mchewa ngati iwe. Koma uwu si mdulo. Aphunzitsi akowa chifuwa chimenechi ndidawapeza nacho, chimabwera Juni aliyense ngati msonkho. Chaka chino chafika pa chibayo chifukwa analawirira kumtsinje, nkhungu ili tolo, kukatapa mchenga wanu uja. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo, ati mchenga wa pakati ndiye woyera. Ndinawaletsa, koma amamva ngati?"

"Nanga mapazi? Anavala patapata."

Apa ndiye adaseka ndithu, mpaka kugwira nthiti.

"Nsapato analowa nazo m'madzi momwemo, zinamatuka! Zili kwa osoka mpaka lero."

Mtima udatsika pang'ono, koma nkhani imene ndidadzera idali isanathe.

"Mayi, anthu akunena inu."

"Ndamva. Makutu ndili nawo."

"Ndikawauza a Nankhoma kuti ndine. Akufuna wothira mchere, ndiye amudziwe."

Kuseka kudatha. Adandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo zidadinda.

"Ukatero ndidzakumenya ndi manja angawa. Wamva? Ine akandinena ndichepa pati? Ndigona m'nyumba mwanga momwemo, amuna anga akundidziwa. Koma iwe ukangotsegula pakamwa, mawa uli m'tsimba, ndipo mayeso sadikira munthu. Ine ndidalekera Sitandade 7 pa nkhani ngati yomweyi. Ndikudziwa mmene imawawira. Siitha, Lenia, umakalamba nayo."

Ndisanayankhe tidamva kutsokomola kuseri kwa nyumba, kenako mawu.

"Nangondo, mukulankhula ndi ndani? Ngati ndi mwana wa sukulu abwere kuno."

Adali atakhala padzuwa, atafunda bulangete mpaka m'makutu, ataonda kuposa kale. Koma maso adali awo omwe aja. Atandiona sadafunse chimene ndadzera.

"Wabwera bwino. Phunziro lija likundisowetsa tulo. Mayeso ali pafupi ndipo anzako akudziwa theka lokha. Nangondo, tipatseniko mchere, madzi, ndi chivundikiro cha chitini chija. Lenia, thira supuni ziwiri."

A Nangondo adabwera ndi mchere, koma asanandipatse adandiyang'ana n'kukweza nsidze. Ndidapukusa mutu pang'ono kuwauza kuti masiku aja adadutsa. Adandipatsa. Aphunzitsi sadaone kanthu, adali kalikiliki kukonza bulangete.

Ndidasungunula mchere m'kapu, ndidathira madziwo pang'ono pachivundikiro, n'kuika pa makala amene a Nangondo adapala m'phale. Tonse atatu tidazungulira n'kumayang'ana. Madzi adayamba kuwira, nthunzi ikukwera, n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka adaphwa. Pachivundikiro padatsala zoyera, zikuthetheka.

"Pala ndi chala. Lawa."

Udali mchere, wofunda.

"Madzi athawa, koma mchere ulibe mapiko oti n'kuthawira," adatero, n'kutsokomola nthawi yaitali. "Lolemba ukawaonetse anzako. Ine sindinalimbe. Ndipo za botolo usadandaule, a Sharifu ati maswiti ena akatha andiganizira. Mwina ndidzakhala nditapuma ntchito."

Lolemba ndidaima kutsogolo kwa kalasi ndi chivundikiro ndi phale la makala. Langton adati ndabisa mchere wina m'chikhadabo, ndiye ndidamuuza kuti achite yekha. Adachita kawiri, ndipo kachiwiri adapsa chala. Limenelo ndilo phunziro loyamba limene ndidaphunzitsa m'moyo wanga.

Aphunzitsi adachira n'kubwerera kuntchito, koma nkhani sidachire. Amayi a m'mudzi ankati mkaziyo wapeza mankhwala mobisa, ndipo kuchirako kudangokhala umboni winanso. Kutatsala sabata imodzi kuti tilembe, ndidali pachitsime madzulo, amayi ali ambiri, a Nankhoma ali pomwepo. A Nangondo adatsika ndi ndowa yawo n'kupereka moni. Adayankha awiri okha. Ena adasuntha ndowa zawo kuti zisagundane ndi yawo.

"Dziko latha," adatero a Nankhoma, akuyang'ana kumwamba ngati akulankhula ndi mitengo. "Kale munthu ukadula mwamuna wako unkayenda chowerama. Lero ayi, n'kuvala nsapato."

Ena adaseka. A Nangondo adapitiriza kutunga ngati sadamve. Sindidathe kupirira. Ndidaimirira, mawu n'kutuluka ndisanawaganize.

"Amayi, si iwo ayi. Amene..."

"Iwe mwana!"

Sindidawamvepo a Nangondo akukuwa chotero.

"Akulu akamalankhula umalowererapo? Mwana wadzulodzulo iwe ukudziwa chiyani pa nkhani zimenezi? Kupanda mwambo! Bwera kuno undisenzetse ndowa."

Amayi aja adaseka, tsopano akuseka ine.

"Musiyeni," adatero a Nankhoma. "Sanalangidwe ameneyo, adakali khanda. Sadziwa chimene akunena."

Ndidapita. Tidagwira ndowa wina uku wina uku n'kuikweza, ndipo pamene ndinkaikhazika pankhata nkhope zathu zidayandikana. M'maso mwawo mudali misozi. Adanong'ona mawu amodzi okha.

"Kawerenge."

Adakwera njira ya kuchitunda okha, madzi akutayikira pamsana.

Mayeso ndidalemba. Tsiku lotsatira pepala lomaliza ndidawauza amayi kuti ndakula, ndipo sabata yomweyo ndidalowa m'tsimba. Ndili momwemo ndidamva kuti lole yabwera kunyumba za aphunzitsi. A Chikakuda adali atapempha okha kuti awasamutse, chifukwa akazi awo sakadathanso kukhala pamalo pamene palibe wodya chakudya chawo. Sindidawatsanzike. Ndidangomva kulira kwa lole ikutsika chitunda.

Kalata yonena kuti ndasankhidwa kupita kusekondale idafika mu Seputembala. Atsibweni adaiwerenga katatu, kenako adayenda nayo mudzi wonse kuonetsa anthu ngati adalemba mayesowo ndi iwo. Nditatsala pang'ono kunyamuka ndidapita kwa a Nankhoma n'kuwauza zoona zonse, kuyambira pa supuni yoyamba. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenako adandisisita paphewa.

"Uli ndi mtima wabwino, mwana wanga, kuikira kumbuyo aphunzitsi ako. Koma ife tidaona ndi maso."

Ndidaphunzitsa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ku Ntchisi, ku Dowa, ndi ku Kasungu pang'ono. Kulikonse kumene ndinkapita ndinkafunsa za a Chikakuda. Wina adati adawaona ku Mchinji, wina adati adamwalira kalekale, ndipo za akazi awo palibe ankadziwa. Ngakhale dzina lawo loyamba sindidalidziwe, ndinkangoti a Nangondo monga aliyense. Chaka chatha ndidapita kwathu kumaliro, ndipo pakati pa macheza mayi wina wokalamba, pofuna kukumbutsa anzake chaka chimene denga la tchalitchi lidasasuka, adati, "Chaka chija cha mkazi wa aphunzitsi, uja adadula mwamuna wake." Onse adavomera kuti inde, chaka chimenecho. Ndidawauzanso kuti si zoona, kuti adali ine. Adandiyang'ana mwaulemu, poti ndine mphunzitsi wopuma, n'kupitiriza nkhani ya denga.